Annet wa Mafizo ndi Tenti ya Papa Tinashe

Mukafika kumapulazi a fodya a ku Selous n'kufunsa za Annet, ena angokanda mutu, koma mukati Mai Reason wa mafizo, aliyense akulozerani njira, poti kumeneko mayi amatchedwa ndi dzina la mwana wake. Ndi mayi wamfupi, wa mikono ngati ya mwamuna wosenza mabelo, ndipo pakamwa pake sipatuluka zonyengerera. Anabadwira pakomboni pomwepo, m'nyumba yoyang'anana ndi mabalani owotcheramo fodya. Agogo ake anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, koma Dedzayo Annet amangoimva m'nyimbo za pamaliro. Eni pulazi akhala akusintha, iye ali pompo.

Sukulu anailekezera panjira n'kuyamba kusankha fodya m'shedi monga anzake onse. Chaka china anthu a chipatala anabwera kudzafuna munthu woti amuphunzitse kuthandiza ofa ziwalo ndi othyoka mafupa kuti ayambirenso kuyenda. Kapitawo anapereka dzina la Annet msangamsanga, osati pomukonda, koma kuti shedi ipumeko phokoso lake. Anapita kukaphunzira miyezi ingapo, n'kubwerako ndi njinga ndi chovala chobiriwira cha pantchito. Si dokotala, si namwino, jakisoni sabaya. Katswiri wa mafizo amabwera kuchokera kuchipatala chachikulu kamodzi pamwezi, kuona odwala n'kusiya malangizo. Zotsala zonse, thukuta ndi matukwano omwe, zimagwera Annet.

Kuseri kwa kiliniki ya papulazi anazika mitengo ya bulugamu n'kukhomerapo iwiri yaitali yopingasa, yofika m'chiuno, kuti wodwala aziyenda pakati pake atagwira uku ndi uku. Anthu anaitcha njanji. M'mawa uliwonse Annet amakhala panjanjipo, masana n'kupalasa njinga kupita kumapulazi ena. Chisoni choonetsera alibe. Wodwala akati watopa, iye amati nafenso tatopa kukuonani mutakhala. Munthu akamalimbana ndi kuimirira, iye amaika manja kumbuyo kuti asamugwire, ndipo achibale amene amadyetsa wodwala pakamwa pomwe dzanja lake lingathe kuphunzira, amawathamangitsa ngati nkhuku zolowa m'nyumba. Ambiri amayamba ndi kumuda, n'kudzamukonda akayamba kupita okha kuchimbudzi.

Wodwala amene anamutulutsa thukuta kuposa onse anali bambo ake omubereka, a Laxon, amene anayendetsa thirakitala papulazipo mpaka imvi mbuu. Sitiroko inawagwetsa m'munda nthawi yowokera fodya, n'kuwapha dzanja ndi mwendo wakumanzere. Annet analimbana nawo dzinja lonse. Ankawawongola bondo akulira, kuwaimiritsa panjanji akumutukwana, kuwabisira dzanja labwino m'thumba la jekete kuti lodwalalo liphunzire kugwira kapu. Pofika nthawi yogulitsa fodya, mkuluyo ankayenda yekha kuchoka pakhomo mpaka pamjigo, atagwira ndodo yachitsulo ya miyendo itatu imene katswiri uja anabweretsa. Anauzidwa kuti ndodoyo asaisiye, chifukwa phazi linkakwekwerezabe pansi.

Nyengo yomweyo ndi imene Papa Tinashe amatulukira. Ndi mneneri wa masuti owala ndi nsapato zosongoka, wodziwa nyengo za fodya kuposa alimi eni ake, moti fodya akangogulitsidwa, tenti yake imakhala yakhomedwa kale pabwalo la mpira. Pakomboni iliyonse ali ndi maso ake. Pakomboni ya Annet maso akewo anali Luiza, mayi wogulitsa tomato ndi matemba, amene anakhazika thebulo lake moyang'anana ndi njanji. Palibe anadzifunsa kuti munthu wanzeru angaike bwanji msika podutsa odwala okhaokha. Luiza ankayang'ana miyendo, kuona amene watsala pang'ono kuyenda.

Lamulungu lina Annet ali kumaliro papulazi ina, Luiza ndi amayi anzake anatenga a Laxon n'kuwauza kuti akupita kukathokoza Mulungu. Pakhomo la tenti anawakhazika pampando wamatayala umene chibadwire anali asanaukhalepo, n'kuwakankhira kutsogolo. Papa anakuwa, mkuluyo anaimirira. Akanalephera bwanji, poti anali akuimirira tsiku ndi tsiku? Anayenda, anthu analulutira, mafoni anajambula. Tinene zoona, kwa nkhalamba imene yakhala ikukalipiridwa ndi mwana wake dzinja lonse, kuwomberedwa m'manja kunakoma. Papa anatenga ndodo ija n'kupatsa anyamata ake kuti aipinde, kenako anauza a Laxon pamaso pa gulu kuti kugwiranso ndodo n'kumunena Mulungu kuti wanama.

A Laxon anali munthu woopa Mulungu. Annet anawasemera ndodo ina, iwo anaiponya padenga. Anawakalipira, anawachonderera, anaitana akuluakulu a mpingo wawo, koma mkuluyo anauma gwa. Sipanapite nthawi, phazi lija linakodwa m'ngalande ya pamjigo, anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anagona kuchipatala, chifuwa chinawalowa ali chigonere, ndipo anamwalira chisanu chisanathe. Kumaliro Papa Tinashe sanaonekeko, ngakhale Luiza anabwera n'kuimba mokweza kuposa onse.

Maliro munthu amalira n'kutonthola. Chimene chinamukanika Annet kumeza ndi chithunzi. Chaka chotsatira, fodya asanathe n'komwe kusankhidwa, zikwangwani za tenti zinayamba kumatidwa pamagolosale a ku Selous, pamitengo ya magetsi, ngakhale kumbuyo kwa makombi, maminibasi a kumeneko. Pachikwangwani chilichonse panali a Laxon, manja m'mwamba, akumwetulira ndi kamwa lawo lopotoka lija, Papa atawagwira paphewa. Munthu amene mafupa ake anali kuseri kwa mabulugamu ankaitanira anthu kutenti imene inamupha. Annet anang'amba zimene anazifikira, m'mawa mwake n'kupeza zina. Anasiya kung'amba. Anangosunga chakukhosi, ndipo chinkamudzutsa m'mawa kuposa tambala. Analumbira kuti munthu ameneyu adzamuyalutsa pamaso pa anthu omwewo amene anamuwombera m'manja.

Pa nthawiyo panjanji panali wodwala amene ankamudetsa nkhawa kuposa ena. Anali Beatriz, mtsikana wosankha fodya, wa makolo ochokera ku Tete, amene sitiroko inamugwira atangobereka mwana wake woyamba, Everjoy. Mbali yonse yakumanja inafa, lilime nalo linalemera. Katswiri uja atamuona anauza Annet mosabisa kuti mtsikanayu angathe kudzayenda, koma miyezi yoyamba yomweyi ndiyo ya mwayi. Phazi liziwongoledwa tsiku ndi tsiku kuti chidendene chizigunda pansi, chifukwa likangouma litapindika, ndiye kuti basi. Mwamuna wake Januario, mnyamata wothirira m'munda, ankamubweretsa pawilibala mbandakucha asanapite kuntchito. Beatriz anali atayamba kuimirira panjanji, akunjenjemera koma akuseka.

Zikwangwani zitamatidwa, wilibala inasiya kubwera. Annet anapita kukawaona madzulo ena, napeza Januario akutsuka matewera pakhomo.

"Baba Everjoy, wilibala yathyoka kapena?"

"Ayi, Mai Reason. Tikudikira Papa."

"Mwendo sudikira munthu. Ukakhala umauma, ndipo ukauma palibe Papa kapena Mama angauwongole."

"Manje inu mumangoti miyezi, miyezi. Kwa Papa ndi tsiku limodzi. A Luiza akuti wofuna kuchiritsidwa asamatsamire mitengo, azisala kudya n'kumadzola mafuta odalitsidwa."

"Luiza amadziwa za tomato."

Januario anapukuta manja, anatulutsa foni yosweka galasi n'kumuonetsa kanema. "Awa si mudhara wanu? Bambo anu omwe anakayendera kwa Papa, inu mutalephera."

Annet anakankhira foniyo kumbali. "Mukufuna ndikakuonetseni kumene anayenda n'kukafika? Tiyeni kuseri kwa mabulugamu, si kutali."

Mnyamatayo anangonyamula beseni lake n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Sanali munthu woipa. Anali wotopa, wokonda mkazi wake, wofuna kuti zithe msanga. Annet akutembenuka kuti azipita, anamva mawu olemera kuchokera m'nyumba. Beatriz anali pamphasa pafupi ndi chitseko.

"Sisi, muzibwera dzuwa likakwera. Iye amakhala ali kumunda."

"Ndizibwera," anatero Annet. Analonjeza ndi mtima wonse, ndipo sabata yoyamba anapitadi. Pakati pa kuweruka panjanji ndi kupalasa njinga kupita kumapulazi ena panali kanthawi kochepa, ndipo kanthawi kameneko kanakhala ka Beatriz.

Ndiye anaona kuti Luiza wayamba kupatsa a Christmas tomato waulere. A Christmas anali mkulu wosonkhezera moto m'mabalani, mnzawo wa a Laxon wa pabawo, munthu amene chibadwire sanaonepo nthabwala n'kuilambalala. Sitiroko yawo inali yopepukirapo, ndipo anali atayamba kuponya mapazi panjanji atagwira ndi dzanja limodzi. Annet anawadikira odwala ena atachoka.

"Sekuru, tomato waulereyu mukudziwa chimene akufuna?"

"Ndikudziwa, mwana wa Laxon. Andiuza kale kuti ndikakhale pampando wamatayala, Papa akakuwa ndidzuke."

"Mwavomera?"

"Ndati ndiganize. Tomato ndiye ndikudya."

"Kavomereni. Kakhaleni pampandopo. Koma akakati dzukani, inu musakadzuke."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Atapukuta misozi ananena kuti Laxon anawasiya ndi bawo lopanda mnzawo, ndipo munthu wa nsapato zosongoka uja sanabwere n'kudzaponyako dothi komwe. Anagwirizana chonchi: Papa akalephera, Annet adzalowa, a Christmas adzaimirira, adzayenda, kenako adzatenga chimkuzamawu n'kuuza gulu lonse miyezi imene akhala akukhetsa thukuta panjanji, ndi mmene Luiza amasankhira anthu.

"Saka, nanga ndikakagwa ngati Laxon?"

"Simukagwa. Ndikulimbitsani mpaka muzivina."

Apa ndi pamene panali ntchito. Annet sankafuna kuti mkuluyo akangodzandira mapazi awiri atatu monga ankachitira anthu a Papa. Ankafuna akayende tenti yonse opanda ndodo, pa nthaka ya mabampu, akatembenuke, abwerere, kuti aliyense aone kusiyana kwake. Komanso zimenezi zinayenera kuchitika mobisa, chifukwa a Christmas akanaoneka akuyenda bwino pakomboni, Luiza akanawasiya n'kusankha wina. Choncho m'mawa panjanji mkuluyo ankanjenjemera mwadala, nthawi zina mopitiriza muyeso mpaka Annet kuwatsina. Dzuwa likakwera ankakumana m'balani lakale losagwiranso ntchito, kuseri kwa mashedi. Mmenemo ankawadumphitsa njerwa, kuwayendetsa chobwerera m'mbuyo, kuwanyamulitsa ndowa ya madzi uku akuyenda.

Nthawi yake inali yomwe ija ya Beatriz. Ina panalibe. Tsiku loyamba Annet anati apita mawa. Mawa lake anati apita akangoona kuti a Christmas akutembenuka bwino. Kenako anasiya n'kudziuza komwe. Tisamunamizire zabwino mayi ameneyu. Ankadzitonthoza kuti tenti ikagwa, Januario adzabweretsa yekha mkazi wake panjanji, ndiye kuti zonsezi akuchitira Beatriz. Koma akamaona a Christmas akudumpha njerwa, m'maso mwake simunkabwera Beatriz. Munkabwera nkhope ya Papa Tinashe itagwa, ndipo ankaiganizira mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Masabata anapita chomwecho, chisanu chinalowa, tenti inafika palole.

Lamulungu lake masana kunali mphepo ya fumbi. Anthu anadzaza tenti mpaka ena kukhala panja, ochokera m'mapulazi onse ozungulira, ena atabwera pamathirakitala. Jenereta inkalira, woimba kiyibodi ankagwedeza mutu, Papa anali m'suti yoyera. Annet anaima kumbuyo atavala chovala chake chobiriwira, manja atapinda. Anaona Januario chapakati atakhazika Beatriz pa bulangete, koma anthu a Papa sanawayang'ane n'komwe. Iwo ankadziwa amene amubweretse kutsogolo.

Luiza anakankha mpando wamatayala. A Christmas anali atafunda bulangete m'miyendo, mutu uli khoba, dovu likutsika pachibwano, moti Annet anaopa kuti achita kuonjeza. Papa anazungulira mpandowo, anauza anthu kuti mkuluyu madokotala anamulephera, mitengo ya bulugamu inamulephera, koma lero ndi lero. Anakweza dzanja n'kukuwa m'Chishona kuti adzuke ayende.

"Simuka ufambe!"

A Christmas anakhala ngati thumba la feteleza.

Papa anamwetulira, anauza anthu kuti akweze mapemphero, anakuwanso. Mkuluyo anangophethira. Papa anawathira mafuta pamutu mpaka kuyenderera m'makutu, anavula jekete n'kuwakwapula nalo m'mawondo, anakuwa kachitatu mawu atayamba kusasa. Woimba kiyibodi anabwereza nyimbo yomweyo mpaka anachita manyazi n'kuitsitsa. Luiza anawerama ngati akukonza bulangete, milomo ikuyenda, koma a Christmas ankayang'ana denga la tenti ngati akuwerenga zigamba. Thukuta linatsika m'khosi mwa Papa n'kudetsa kolala yoyera. Anawagwira mkono n'kuyamba kukoka, chimkuzamawu chili pafupi ndi kamwa la mkuluyo.

"Mwana wanga, ukundipweteka phewa," anatero a Christmas, ndipo tenti yonse inamva.

Wina kumbuyo anaseka, kuseka kuja kunafalikira. Papa anayamba kunena kuti m'banja la mkuluyu muli mzimu wouma mutu, koma mawu ake anali atapepuka. Apo Annet anayamba kuyenda pakati pa anthu, osafulumira. Papa sanamuyang'ane n'komwe. Annet anamanga mabuleki a mpando, anapinda zopondera, anachotsa bulangete, n'kuika manja kumbuyo. Analankhula monga amalankhulira m'mawa uliwonse.

"Sekuru, sunthirani kutsogolo. Mapazi kumbuyo. Weramani, mphuno ipitirire mawondo. Tiyeni."

A Christmas anaimirira. Anapukuta dovu ndi mafuta, anakonza kolala, n'kuyamba kuyenda. Anadutsa pakati pa tenti mpaka kukhomo, anatembenuka bwinobwino, anabwerera, ndipo atafika pamaso pa Papa anagwedeza chiuno kawiri, kavinidwe ka kumowa. Anatambasula dzanja kuti atenge chimkuzamawu monga anapangana, koma mochedwa. Nthungululu zinali zitang'amba kale tenti, anthu akuyesa kuti Annet wachita chozizwitsa chimene chamukanika Papa. Amayi ankagwa pansi, amuna ankalumpha mabenchi, woimba kiyibodi anadzidzimuka n'kuimba ndi mphamvu zake zonse. Mkuluyo anakuwa za njanji, za miyezi, za Luiza, koma mawu ake anamira. Anyamata anawanyamula m'mwamba n'kutuluka nawo panja.

Annet akanatha kulanda chimkuzamawucho. Mawu ali nawo, okwana kuimitsa shedi yonse. Koma maso ake anali pa Papa Tinashe, ndipo sankafuna kuphonya kalikonse. Munthu uja anaima jekete lili m'manja, kukamwa kuli yasa, nkhope itatuwa ngati wadwala malungo, akuyang'ana anthu ake akumupatsa msana. Annet anamuyang'ana mpaka kukhuta. Kenako anamuyandikira n'kulankhula motsitsa.

"Ine ndine mwana wa a Laxon. Chithunzi cha bambo anga muchotse paliponse pamene munachimata."

Papa anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Dzuwa lisanalowe tenti inali itapindidwa palole, ndipo lole ikutuluka pageti ana ankaithamangira akukuwa kuti simuka ufambe. Luiza anasamutsa thebulo lake tsiku lomwelo. Annet anafika kunyumba n'kudya ngati munthu wotuluka m'ndende. Ankati akakumbukira kolala yonyowa ija n'kuseka yekha, mpaka oyandikana nawo kusuzumira. Zinamukomera, ndipo palibe chifukwa chobisira. Chaka chathunthu anayenda ndi mwala pachifuwa, tsiku limenelo unachoka.

Lolemba m'mawa, akukhota pakona ya kiliniki, anatsika panjinga asanafune. Panjanji panali anthu ngati pamsika. Kanema wa dzulo anali atayenda m'mafoni, ndipo makombi anali atatsitsa odwala ochokera mpaka ku Norton, ena pamachira, ena kumsana kwa abale awo. Atamuona anayamba kugwada. Ankamutcha Mama. Bambo wina anali kalikiliki kusenda khungwa la njanji ndi mpeni kuti akaviike m'madzi, ndipo mtengo umodzi unali utayamba kale kugwedera.

"Siyani mitengo yanga, inu! Ine si mneneri. Pano timachita mafizo, ndipo zimatenga miyezi."

Anthu anamwetulira n'kugwedezerana mitu, kusonyeza kuti anthu a Mulungu enieni amadzichepetsa chomwechi. Gulu linapatuka, wilibala inadutsa. Januario anali atavala malaya a kutchalitchi, Beatriz atamuveka diresi loyera ndi duku latsopano. Anaimika wilibala patsogolo pa Annet n'kugwada pafumbi.

"Mai Reason, ndinakulakwirani. Ndinalankhula zopusa za mudhara wanu. Ndikhululukireni, mungonena mawu aja kwa mkazi wanga."

Annet anagwada n'kukweza diresi la Beatriz pang'ono, n'kugwira phazi lakumanja. Linali litapindikira pansi ndi m'kati, zala zitaloza dothi. Anaika chikhatho kuphazi n'kukankha monga ankachitira kale, koma linali gwa ngati muzu. Anayesa bondo, linakana kuwongoka. Anakankhanso mwamphamvu, Beatriz anakukuta mano osalira. Manja a Annet anali atamuuza kale zimene katswiri adzanene.

"Nenani, sisi," anatero Beatriz pang'onopang'ono. "Ndasala kudya. Ndakonzeka."

Annet anaimirira. Analankhula mokweza kuti onse amve, ndipo ulendo uno panalibe kiyibodi yomusokoneza. Ananena kuti mawu aja alibe mphamvu iliyonse, ndi ongothandiza munthu kudzuka pampando osagwa. Ananena kuti a Christmas akhala akuyenda kwa masabata ambiri, kuti anakhala pampando mwadala kuti Papa ayaluke, ndipo kuti iye mwini ndiye ankawaphunzitsa mobisa m'balani lakale, tsiku ndi tsiku dzuwa likakwera. Ena anayamba kunyamula odwala awo akung'ung'udza kuti onse ndi amodzimodzi, wa suti ndi wa chovala chobiriwira yemwe.

Januario anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi m'mawondo. "Dzuwa likakwera?"

"Inde."

"Mkazi wanga ankandiuza kuti ndizimusiya pakhomo, chitseko chili chotsekula. Ndinkadziwa amene akumudikira, Mai Reason, ndinkangokhala ngati sindikudziwa. Mumtima ndinkati bola mukubwera. Saka nthawi yonseyi munali m'balani?"

Annet anafuna kunena kuti Januario ndiye anasiya kubweretsa wilibala, ndipo zikanakhala zoona. Koma Beatriz ndiye anayamba kulankhula, akulimbana ndi liwu lililonse.

"Musiye, Januario. Ine ndinkadziwa. Ndinkaimva njinga yanu, sisi, ikubwera mumsewu. Ikafika pamjigo inkakhotera kumabalani."

Sananene mokwiya, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Annet kuposa mbama. Januario anagwira zigwiriro za wilibala n'kuitembenuza.

Tenti ya Papa Tinashe sinabwererenso papulazipo, ndipo chithunzi cha a Laxon chinachoka pamakombi. A Christmas amayenda mpaka kumagolosale, ndipo nkhaniyi amaikamba kwa aliyense wowagulira chakumwa, ulendo uliwonse ikukulirakulira. Annet anazikanso njanji yake, odwala anabwerera pang'onopang'ono, ndipo akukalipirabe achibale monga kale. Wina akamukumbutsa za kolala ya Papa amasekabe, sangachitire mwina, koma kuseka kwake sikukhalitsa.

Katswiri atamuona Beatriz anapukusa mutu n'kunena kuti ayesetse, mwina adzatha kuimirira atagwira khoma. Januario sanakanize, sanavomerenso, amangosiya chitseko chotsekula. Dzuwa likakwera Annet amatsamiritsa njinga pakhomopo, amagwada pamphasa, amaika phazi lija pachikhatho n'kuyamba kukankha. Everjoy anakwawa, anaimirira, pano akuthamanga pabwalo. Chidendene cha amayi ake sichinagundebe pansi.